Kutentha Thupi Kwatha, Koma Maso Ayamba Kuvuta



Tikamva za udzudzu, ambirife timangoganiza za malungo. Koma udzudzu umafalitsanso mavairasi amene amatupitsa mkati mwa diso, mpaka munthu nkusiya kuona. Ndikufuna ndifotokoze amene ali pangozi kwambiri, chifukwa ena a iwo ali muholo muno.

Ndiyambe ndi nthenda ya Rift Valley fever, imene inadziwika mu 1931 ku Kenya nkhosa zitayamba kufa. Inabuka ku Egypt mu 1977, ku Kenya, Somalia ndi Tanzania mu 1997 ndi 1998 kutagwa mvula yambiri, ndiponso ku South Africa mu 2010. Madzi akasefukira, udzudzu umaswana nkumaluma ziweto ndi anthu. Komabe anthu ambiri amaitenga pokhudza magazi a chiweto chodwala. Choncho abusa, opha nyama, alangizi a ziweto, ndi aliyense wogwira ng'ombe yopoloza popanda magolovesi ali pangozi. Mkaka wosawiritsa nawonso ngwoopsa. Bungwe la WHO limati mwa odwala 100, osapitirira 2 amavutika maso, pakapita sabata imodzi kufikira 3 chiyambireni kudwala. Kutupako kukagwira pakatikati penipeni pamene diso limaonera, pafupifupi theka la odwalawo saonanso bwino moyo wao wonse.

Nthenda ina ndi ya West Nile, imene inapezeka ku Uganda mu 1937. Udzudzu umaitenga kwa mbalame. Maso amene imakonda kuononga ndi a anthu opitirira zaka 50 ndi odwala shuga, pakuti shuga imakhala itafooketsa kale timitsempha ta m'diso.

Anzanga, ambirife imvi zayamba, ena tili ndi shuga, ndipo ena tili ndi makola kumudzi. Tiyeni tigone m'masikito, tikwirire zithaphwi, tiwiritse mkaka, tiyezetse shuga, ndipo tigulire abusa athu magolovesi. Mukachira kutentha thupi nkuyamba kuona chimbuuzi kapena timadontho takuda toyandama, musathire zitsamba m'maso. Pitani msanga kuchipatala cha maso, ndipo mukawauze adokotala za matenda amene munadwala aja.