CHIFUKWA CHAKE INTANETI YA PAKHOMO IMATHA MWEZI USANATHE

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi ndi eni makomo a m'midzi



Masiku ano pa makomo ena pali kabokosi kochedwa rauta kapena MiFi, kamene kamagawira intaneti mafoni ndi makompyuta onse a m'nyumbamo. Mwini khomo amagula bandulo ya mwezi wathunthu, koma mwezi uli pakati amalandira uthenga wakuti yatha. Tsono amapsa mtima, nati, "Andibera!" Komatu kawirikawiri wakubayo sali kutali, ali m'nyumba momwemo.

Muyeso wake

Monga chimanga chimayesedwa ndi ndowa, intaneti imayesedwa ndi ma GB. GB imodzi ndi ma MB pafupifupi 1,000. Mau olembedwa pa WhatsApp sadya kanthu kwenikweni, chithunzi chimadyako pang'ono, koma kanema ndiye mdyaisitsa. A Netflix amanena kuti kanema wamba amatha kudya 1 GB pa ora limodzi, ndipo wooneka bwino koposa amafika 3 GB.

Taganizani za mphunzitsi amene wagula 30 GB ya masiku 30. Phoso lake ndi 1 GB pa tsiku. Koma ngati iye, akazi ake ndi ana awiri, yense aonera kanema ora limodzi tsiku ndi tsiku, khomolo lidya 4 GB pa tsiku, ndipo bandulo itha pa tsiku lachisanu ndi chitatu. Pofika nthawi yotumiza malikisi a ana a sukulu, nkhokwe ili mbee! Ndarama imene anasungira feteleza ndiyo igulanso bandulo ina.

Anankafumbwe atatu

Woyamba ndi makina eni ake. Foni ikalumikizidwa ku Wi-Fi imayesa kuti yafika pa dambo losaphwa madzi. Usiku anthu ali m'tulo, iyo imakonzanso mapulogalamu ake ndi kutumiza zithunzi kokazisunga, pakuti chotumiza chimadya monganso cholandira. Kompyuta ya Windows nayo itha kukoka ma GB angapo pa ulendo umodzi wokha.

Wachiwiri ndi makanema osaitanidwa. Pa Facebook kanema amayamba yekha munthu akamadutsa, ndipo a m'magulu a WhatsApp amalowa okha m'foni ngakhale mwini asawatsegule.

Wachitatu ndi nambala ya chinsinsi ya kabokosi kaja. Mwini khomo amauza mlamu wake mmodzi, mlamuyo auza bwenzi lake, ndipo madzulo anyamata amakhala kuseri kwa mpanda, maso pa foni.

Palinso bvuto lina. Bandulo ikatha, pa malaini ena intaneti imangoduka, koma pa ena imayamba kudya mayunitsi otsala, ndipo mtengo wake umaposa wa bandulo. Choncho si nzeru kusiya mayunitsi ambiri m'kabokosimo.

Zoyenera kuchita

1. Mwini khomo azifunsa ma GB otsala kamodzi pa mlungu, nalemba m'kope, monga amachitira msungichuma wa mpingo.

2. Aletse mafoni kukoka okha makanema ndi zithunzi. Pa kompyuta ya Windows asankhe pamene palembedwa metered connection, kuti idziwe kuti intanetiyo ili ndi malire.

3. Oonera YouTube asankhe 360p kapena 480p. Pa galasi laling'ono la foni chithunzi chimaonekabe bwino.

4. Asinthe nambala ya chinsinsi, ndipo aone mndandanda wa mafoni olumikizidwa ku rauta.

5. Azithimitsa kabokosiko pogona.

Ngati atachita zonsezi aonabe kuti masamu sakugwirizana, apite ndi kope lake lija ku kampani imene anagulako, akafotokoze mwaulemu masiku ndi ma GB ake. Akapanda kuthandizidwa, akadandaule ku MACRA, bungwe loyang'anira za mtokoma ndi mafoni, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998.

Aphunzitsi ayenera kuwerengera anzao a m'mudzi mau awa, ndiponso kupatsa ana a sukulu samu ya 30 GB ija kuti akaisovere makolo ao kunyumba. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo: momwemo ndimo bandulo imathera, ndipo momwemonso ndimo imasungikira.