Chifuwa cha mnzanga uja sichinali cha kuzizira

Lero za makompyuta tiziike kaye pambali, ndikufuna tikambe za mapapo.

Ndili ndi mnzanga, dzina sinditchula poti sanandipatse chilolezo, amene tinkamenya naye mpira Lamlungu lililonse kuno ku England. Munthu wothamanga kwabasi. Chaka china tinangoona kuti akumapempha kukhala pagolo. Kenako akakwera masitepe a kunyumba kwake amaima pakati, namanamizira kuti akuyankha meseji. Chifuwa chouma, chosatha. Ife tinkamuseka kuti wakalamba, iye amati ndi kuzizira kwa kuno. Anamwa tsabola ndi mandimu, anafukiza bulugamu, anagula mankhwala a chifuwa osawerengeka. Pamene amafika kwa GP chaka chinali chitatha. Atamujambula anamupeza ndi sarcoidosis, matenda otupitsa timinofu m'thupi, amene amagwira kwambiri anthu akuda. Ambiri amachira, ena osamwa n'komwe mankhwala, koma kwa iye anali atasiya kale zipsera m'mapapo. Chipsera cha m'mapapo sichifufutika. Lero amayenda ndi kabotolo ka okosijeni m'chikwama.

Ine pantchito ndikamva fani ya kompyuta ikulira mosazolowereka, sindidikira kuti makina azime, ndimatsegula. Koma mnzanga wanga akutsokomola pafupi nane chaka chonse, ndinkangoseka. Zimenezi zimandiwawabe.

Ndiye tamverani. Chifuwa chikapitirira masabata atatu, pitani kwa dokotala. Osati ku gulu la WhatsApp, kwa dokotala. Ngati mukuchita befu pa ntchito yomwe kale munkaigwira osamva kanthu, ngati pachifuwa pakulira ngati kamluzu, ngati m'mawa uliwonse mumayamba ndi makhololo, ngati mukuonda osadziwa chifukwa kapena mukudzuka usiku zofunda zitanyowa ndi thukuta, musadikire. Yang'ananinso zala zanu: nsonga zikayamba kunenepa, zikhadabo n'kumapindika ngati msana wa supuni, auzeni adokotala. Mukatsokomola magazi, ngakhale pang'ono, imbani 111 tsiku lomwelo. Munthu akamabanika mpaka kulephera kumaliza chiganizo, kapena milomo yasintha mtundu, imeneyo ndi 999, palibe zokambirana.

Mukafika kumeneko, fotokozani mbiri yanu yonse, chifukwa dokotala wobadwira ku Leeds sangailote. Ambirife tinakula tikupemerera moto wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, ena tinkaotha mbaula m'nyumba titatseka chitseko. Utsi umenewo umatha kubweretsa COPD ngakhale kwa munthu amene sanagwirepo ndudu. Ena tinadwalapo chifuwa chachikulu tili ana, tinamaliza mankhwala miyezi 6, tinachira, koma TB imatha kusiya mabala m'mapapo amene amadzavuta patapita zaka. Nenani zimenezo, si zochititsa manyazi. Nenaninso ngati m'chipinda chomwe mukuchita lendi muli chinyezi ndi chuku chakuda chija pakhoma, ngati mumagwira ntchito ya zomangamanga m'fumbi, komanso za shisha ndi vape, ee, ndikudziwa mukundimva. Anzathu a ku Joni nkhani ya fumbi amaidziwa bwino. Agogo athu ambiri amene anapita ku migodi ya golide kudzera ku Wenela anabwerako ndi silicosis, fumbi la miyala litawaumitsa mapapo, kumudzi anthu n'kumati awalodza chifukwa anabwera ndi njinga ndi wailesi.

Kuyeza kwake sikoopsa. Pali X-ray, pali spirometry, pomwe umauzira mwamphamvu m'kachubu makina n'kuwerenga mpweya umene watuluka ndi liwiro lake. Koma kanthu kamodzi mukadziwe. Kachipangizo kopanira pachala kaja, koyeza okosijeni m'magazi, kamagwira ntchito ndi kuwala, ndipo pa khungu lakuda nthawi zina kamaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Ndiye kakati zonse zili bwino inu mukumva kubanika, limbikirani kunena momwe mukumvera.

Amene muli kale ndi mphumu kapena COPD, pemphani namwino akuoneni mukupopa inhela yanu. Ambiri timaipopera pa lilime mankhwala osafika m'mapapo, pomwe kachitini kotchedwa spacer kangathandize. Inhela yoteteza ija imafunika tsiku ndi tsiku, ngakhale mukumva bwino, ndipo mukatha muzichukucha m'kamwa. Katemera wa flu musamuphonye. Funsaninso za pulmonary rehabilitation, maphunziro a masewero olimbitsa thupi ndi kapumidwe a masabata 6 kapena kuposera. Mnzanga uja ankati ndi za nkhalamba, koma ndi zomwe zamuthandiza kuti azikafika kusitolo yekha.

Tsopano mbali yovuta. Madokotala amuuza mnzangayu kuti zikapitirira chonchi, chotsala ndi kumuika mapapo a munthu wina. Ku England ntchito imeneyi imachitika m'zipatala zochepa, monga Royal Papworth ku Cambridge, Harefield kufupi ndi London ndi Freeman ku Newcastle. Ukalowa pa mndandanda foni suzimitsa, chikwama chimakhala chopakiratu, chifukwa mapapo akachotsedwa m'thupi sakhalitsa, ndi nkhani ya maola. Amayenera kugwirizana gulu la magazi ndi kukula kwa chifuwa, ndipo ambiri operekedwa amapezeka kuti ndi owonongeka. Ena amamwalira akudikira.

Chiyambire pa 20 May 2020, lamulo la ku England limati munthu wamkulu aliyense amatengedwa kuti wavomera kupereka ziwalo akamwalira, pokhapokha atalembetsa kuti sakufuna. Wales inayamba mu 2015, Scotland mu 2021, Northern Ireland mu 2023. Ku England silikhudza ana osakwana zaka 18, ngakhalenso amene sanakhale kuno miyezi 12. Komabe achibale amafunsidwa, ndipo akakana zimathera pomwepo. Mabanja athu amakana kawirikawiri, pomwe anthu akuda ndi amene amadikira impso nthawi yaitali, chifukwa impso zimagwirizana bwino pakati pa anthu a mtundu umodzi.

Mantha athu ndimawamvetsa. Tinakula tikumva za anamapopa ndi za ogulitsa ziwalo, ndiye mawu oti "kuchotsa chiwalo" amatitsitsimutsa zimenezo. Koma thupi amalisoka bwinobwino, anthu amaona nkhope, ndipo likhoza kutumizidwa kumudzi monga mwa nthawi zonse. Ngati simukufuna, ndi ufulu wanu, lembetsani kukana pa NHS Organ Donor Register. Chovuta ndi kusiyira mlongo wanu funso limeneli m'khonde la chipatala, inu simunanenepo kanthu.

Ine ndinalembetsa kuvomera, sizinanditengere mphindi zisanu. Kuimbira amayi ku Dedza n'kumene kunanditengera masabata awiri. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Iwe, ukufuna ukafike kwa Mulungu uli gwangwa?" Ndinawafotokozera za mnzangayu, amamudziwa, anadyapo nsima yawo. Sanavomere, sanakanenso. Anangoti ndidzawafotokozere amalume ndikapita mu December, ndipo anandituma ndimufunse ngati uchi wa kumudzi ungamuthandize.

Sabata yamawa tibwerera ku zathu, tidzakamba za mameseji abodza onamizira kuti achokera ku banki.