PEPALA LA MAGAZI NDI NTHENDA YA HERPES

Mau awa akonzedwa kuti awerengedwe pa misonkhano ya m'midzi yozungulira Mlangeni, m'boma la Ntcheu. Nkhaniyi nja akuluakulu. Ana ayambe auzidwa kukasewera.



Anthu a ku Mlangeni ngoyenda. Ena amakwera galimoto pa mseu wa M1 kukagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo anyamata ambiri ali pa ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town. M'mizinda imeneyi muli zipatala zolipira zimene zimapima magazi a munthu pa nthenda zambiri nthawi imodzi, malinga iye atulutse ndalama. Tsono wina amabwerako ndi pepala lolembedwa m'Chingerezi kuti "HSV-2 positive", ndipo pepalalo likafika pakhomo nsima siidyekanso. Mwamuna aloza mkazi, mkazi aloza mwamuna, m'mawa mwake ankhoswe aitanidwa. Ankhoswewo ayenera kudziwa kuti pepala lotere limatha kulakwa, ndiponso kuti ngakhale litanena zoona, silinena zonse zimene anthu amalinenera.

HSV-2 ndilo dzina la kachirombo ka nthenda imene adotolo amaitcha herpes. Nthendayi imatulutsa timatuza kumaliseche. Timatuzato timaphulika nkusanduka tizironda towawa, timapola tokha, ndipo pakapita miyezi titha kubweranso. Si chindoko ai, sinso mabomu. Kachiromboka kali ndi mbale wake, HSV-1, amene amatulutsa zironda za pamiromo zija zimabwera munthu akadwala malungo, ndipo anthu ambiri amamtenga akali ana. Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 520 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 anali ndi HSV-2, ndipo mwa anthu 100 alionse osafika zaka 50, anthu 64 anali ndi HSV-1. Ochuluka mwa iwo sadziwa nkomwe kuti ali nako.

Wopima magazi saona kachirombo kenikeniko. Iye amafunafuna asirikali amene thupi limapanga polimbana nako, monga mlenje amene saona nyama koma mapazi ake. Mlenje wabwino yemwe nthawi zina amati padutsa fisi pamene padutsa galu wamkulu. Popeza tizirombo tiwiriti ntapachibale, mapazi ao amafanana, ndipo ichi ndi chimodzi cha zifukwa zimene munthu wongokhala ndi zironda za pamiromo amalembedwera nthenda ya kumaliseche imene alibe.

Chinthu choyamba kuchiyang'ana pa pepalalo ndi nambala. Kapimidwe kofala kwambiri, kotchedwa HerpeSelect, sikangoti "inde" kapena "ai". Kamapereka nambala, ndipo iriyonse yopitirira 1.1 imalembedwa kuti positive. Koma 1.4 ndi 8 si chimodzimodzi. M'malangizo ake a chaka cha 2021, bungwe loona za matenda ku America, la Centers for Disease Control and Prevention, linanena kuti nambala zapakati pa 1.1 ndi 3.0 kawirikawiri zimakhala zolakwa, ndipo magaziwo ayenera kupimidwanso ndi kapimidwe ka mtundu wina. Bungwe lina la komweko, U.S. Preventive Services Task Force, linapeza m'chaka cha 2016 kuti akati apime anthu wamba opanda zizindikiro, mwa awiri alionse ouzidwa kuti ali nayo nthendayi mmodzi atha kukhala wouzidwa zabodza. Kotero linalangiza kuti anthu otere asamapimidwe, ndipo linabwereza mau omwewo m'chaka cha 2023.

Kwa anthu a mu Africa vutoli nlokulirapo. Akatswiri amene anayesa HerpeSelect ku Rakai m'dziko la Uganda ndi ku Kisumu m'dziko la Kenya anaona kuti imalakwa kawirikawiri pa magazi a anthu a kumeneko koposa umo imachitira ku America, ndi kuti kapimidwe kena ka ku Britain, kotchedwa Kalon, sikalakwa kwambiri chotero. Chipatala chimene chimapereka pepala lotere kwa mlimi, osamfotokozera za nambalayo, chimtengera ndalama ndi tulo tomwe.

Kapimidwe kodalirika koposa konse, kotchedwa Western blot, kamachitika pa University of Washington, mu mzinda wa Seattle. Kumeneko nkutali, ndipo mlimi wa kachewere sangayembekezere kutumizako magazi ake. Chimene angathe ndicho kubwerera kwa dotolo ndi pepala lake, nafunsa dzina la kapimidweko ndi nambala yake, napempha kuti ampimenso ndi kapimidwe kena. Adziwenso kuti asirikali aja amatenga milungu ingapo, mwina mpaka 12, kuti aoneke m'magazi. Kotero wopimitsa mofulumira atha kuuzidwa kuti alibe pamene ali nayo. Ngati pa pepalalo palembedwa zirembo zakuti IgM, asavutike nalo mtima konse, pakuti akatswiri salangiza kapimidwe kameneko pa nthendayi.

Tsono ankhoswe amvetse apa. Ngakhale pepala litakhala loona, ndi nambala yaikulu, siringanene tsiku limene munthu anatenga kachiromboka, ndipo siringatchule amene anampatsa. Kachiromboka kakalowa m'thupi kamakabisala m'mitsempha ya kumunsi kwa msana, ndipo kamakhala momwemo moyo wake wonse wa munthuyo, nao asirikali aja sachoka m'magazi. Munthu atha kukatenga ali mnyamata kapena mtsikana, zaka khumi asanalowe m'banja, osatuluka chironda ndi chimodzi chomwe. Mwamuna wobwera ndi pepala kuchokera ku Johannesburg sangalitenge ngati umboni wakuti mkazi wake anayenda iye kulibe. Naye mkazi sangatero ndi mwamuna wake. Mlandu wa chigololo ukafuna mboni, pepala iri si mboni.

Munthu amene ali ndi zironda, nkhani yake njosiyana. Iye asadikire pepala. Apite msanga ku chipatala chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha pa boma ku Ntcheu zirondazo zikali zaziwisi, pakuti zikapola dotolo alibe choona. M'zipatala za Boma adotolo amapereka mankhwala poona zizindikiro, ndipo pa zironda za kumaliseche amaphatikiza mankhwala a chindoko ndi ena otchedwa acyclovir. Nkoyenera kutero: pamene anapima odwala zironda zotere pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe m'zaka za 2004 mpaka 2006, anapeza herpes mwa oposa theka. Acyclovir sachotsa kachiromboka m'thupi, koma amachepetsa ululu ndi masiku a zironda. Makapisozi ogula pamsika alibe mphamvu pa kachiromboka mpang'ono pomwe. Pa masiku a zironda mwamuna ndi mkazi asagonane, ndipo makondomu amachepetsa kupatsirana ngakhale sakutheratu.

Mai wapakati amene watuluka timatuza totere, makamaka ngati nkoyamba ndipo masiku ake ayandikira, auze azamba pa sikelo popanda manyazi, chifukwa khanda litha kutenga kachiromboka pobadwa ndi kudwala zedi.

Wina atha kuchoka pa msonkhano uno akunena kuti, "Ngati pepala la herpes limalakwa, ndiye kuti la HIV limalakwanso." Ameneyo sanamve bwino. Kapimidwe ka HIV nkodalirika kwambiri, ndipo m'zipatala za m'Malawi munthu sauzidwa kuti ali ndi HIV pa chipangizo chimodzi chokha. Amayamba abwereza ndi chipangizo cha mtundu wina. Amene ali pa mankhwala a ARV apitirize kumwa. Ndiponso munthu amene ali ndi HSV-2 amatenga HIV mosavuta, pafupifupi katatu kuposa amene alibe, ndipo nchifukwa chake wobwera ndi zironda ku chipatala amapemphedwa kupimitsa HIV tsiku lomwelo, ndi kubweretsa mnzake wa m'nyumba kuti naye aonedwe.