Maso a Mwana Wanu ndi Ophunzira Odzatithandiza

 Amayi nonse a kuno ku Senga Bay, lero tikambirane za maso, pakuti ana ambiri amene amachita khungu akadapulumuka makolo akadafika nawo msanga kuchipatala.

Dziko lathu lili ndi madokotala a maso ochepa, ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Nkhoma. Kaamba ka ichi, ophunzira zachipatala amadzipereka nthawi zina kuyenda m'midzi kukapima maso kwaulere. Ena amachokera ku sukulu ya madokotala imene idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ena ndi a ku Mzuzu University, kumene amaphunzira kupima maso ndi kupereka mandala. Musawaderere chifukwa cha ubwana wawo, pakuti amayenda ndi aphunzitsi awo, ndipo matenda owaposa nzeru amawatumiza kwa akuluakulu.

Mukamva kuti afika, tengani mwana pamodzi ndi buku lake la kusikelo. Tenganinso agogo amene maso awo achita ng'ala, chifukwa ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, munthu n'kuyambanso kuona. Akakupatsani kalata yopita nayo ku chipatala cha boma ku Salima, musaisunge kudenga. Ulendowu ndi wa makilomita ngati 20 okha.

Komabe alendowa sabwera mwezi ndi mwezi. Woyamba kuona vuto ndinu amayi. Musadikire munthu aliyense mukaona zizindikiro izi:

1. Khanda losakwana mwezi latupa zikope ndipo likutuluka mafinya m'maso. Pitani nalo tsiku lomwelo, pakuti diso lingawonongeke m'masiku ochepa.

2. Kamwana ka diso kayera. Imeneyi ingakhale ng'ala yobadwa nayo kapena khansa ya m'diso.

3. Mwana akupunthwa kapena kupapasa dzuwa likalowa. Thupi lake likusowa vitamini A.

4. Mwana wodwala chikuku akuopa kuwala ndipo sakutsegula maso.

Musathire m'diso la mwana mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, shuga kapena mkodzo. Zimenezi zimabweretsa chilonda pa diso, ndipo chipsera chake chimatseka kuona moyo wonse. Musagwiritsenso mankhwala otsala a munthu wina.

Tsono tipewe bwanji? Mwana alandire katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15. Alandirenso vitamini A pakapita miyezi 6 iliyonse, kuyambira ali ndi miyezi 6 kufikira zaka 5. Ambiri mumaleka kubwera kusikelo katemera akatha, ndipo mwana amaphonya vitaminiyu. Kunyumba mudyetseni mango, mapapaya, maungu, mbatata yofiira m'kati, mazira, bonongwe ndi nkhwani. Ndiwo zamasamba muzitendera kapena kuthira mafuta pang'ono, chifukwa vitamini A amalowa bwino m'thupi pamodzi ndi mafuta. Usipa wonse usathere kwa ogula. Wina muzisinja ndi kuthira m'phala la mwana.

Za ukhondo tili ndi umboni. Salima lidali limodzi mwa maboma ovutika ndi trakoma, nthenda imene imapindira nsidze m'kati mpaka kukanda diso. Anthu adamwa mankhwala, ena adachitidwa opaleshoni ya zikope, ndipo mu 2022 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidavomereza kuti nthendayi yaleka kukhala vuto lalikulu m'Malawi. Kuti isabwerere, sukusulani mwana ndi madzi oyera ndi sopo tsiku lililonse. Musapukute manthongo ndi chitenje chimene mwapukutira mwana wina. Kuno kunyanja ntchentche zimachuluka pa thandala la nsomba ndi pa chimbudzi cha patchire, kenaka zimatera pa nkhope ya mwana. Banja lililonse likhale ndi chimbudzi chovundikira bwino, ngakhale mchenga umavuta kukumba.

M'mera mpoyamba, amayi. Mukafika kunyumba muyang'ane maso a ana anu onse poyera, ndipo chimene chakukayikitsani mukauze mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Mukafotokozerenso abambo ndi anzanu amene sadabwere lero.