Dzina Lanu Likagwira Ntchito Inu Osadziwa

Amayi, abambo, ndi inu achinyamata amene mwachokera m'makhitchini a ku Hillside ndi m'mafamu a ku Umguza, ndakulandirani. Takumana kuno ku Raylton, dera la njanji, kumene agogo athu ambiri ochokera ku Nyasaland anakhetsera thukuta ku Rhodesia Railways.

M'masabata akudzawa, anzathu ayenda pakati panu ndi mafunso a kafukufuku. Nkhani yake ndi ya kubedwa kwa dzina, kutanthauza munthu wina kugwiritsa ntchito dzina lanu ndi nambala ya chitupa chanu ngati ndi zake. Kawirikawiri zimayambira pa fotokope. Mwaisiya kwa munthu amene analonjeza kukupezerani ntchito, kapena abwana atenga pasipoti kuti akusungireni. Ndi pepala limenelo wina alembetsa simu khadi, atsegula EcoCash, atenga ngongole. Inu mudzadziwira pa tsiku limene okongoza adzagogoda pageti la abwana anu.

Ambiri zikawachitikira amangokhala chete, ndipo chifukwa chake sichovuta kuchimva. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ana ambiri a Amalawi, Azambia ndi Amozambiki obadwira muno anatsala ngati alendo, zitupa zawo zolembedwa ALIEN. Munthu wotero amaopa ofesi iliyonse. Komatu malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, amati amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake lili nzika ya dziko la mu SADC, iye n'kukhala kuti ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwa. Bungwe la Zimbabwe Human Rights Commission linazungulira dziko mu 2019 kumva madandaulo a anthu osowa zitupa, ndipo lipoti lake linatuluka mu 2020. Ife tikufunsa za mbali inayo: muli nacho chitupa, koma chikudyetsa wina.

Tikudziwanso kuti ena anabwereka chitupa cha mchimwene kapena cha malemu kuti apeze ntchito. Sitinabwere kudzaweruza. Tikufuna kumva zimenezonso, popanda dzina la munthu.

Apa ndiye tcherani khutu, pakuti wakuba naye akhoza kubwera atanyamula cholembera n'kunena kuti ndi wakafukufuku. Wofunsa wathu sadzalemba dzina lanu, sadzapempha nambala ya chitupa, sadzachijambula pafoni, ndipo PIN ya EcoCash sadzaitchula n'komwe. Akapempha chimodzi mwa izi, imirirani muzipita. Adzakufunsani zimene zinachitika, liti, mmene munadziwira, ndalama zimene munataya, ndiponso ngati munakadandaula. Mudzacheza m'Chichewa, kutali ndi khutu la abwana kapena la kapitawo. Funso limene simukulifuna mukhoza kulidumpha. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, limene POTRAZ imayang'anira, limakupatsani ufulu wodziwa chimene mbiri yanu ikutengedwera.

Ngati zinakuchitikirani kale, musadikire kafukufukuyu. Kanenani kupolisi ndipo musunge nambala ya mlandu; pitaninso ku kampani ya foni mukafunse manambala olembetsedwa m'dzina lanu. Amene mukuopa kupita nokha, tsalirani tikamaliza, tigwirizane tsiku loti tikuperekezeni.