MAU A PA TSIKU LA YUBILE: ZA KUZINDIKIRA APHUNZITSI ONYENGA

Abale okondedwa mwa Ambuye, ndi inu aphunzitsi a m'midzi amene musenza katundu pamodzi ndi ife:

Lero ndi tsiku la cimwemwe, ndipo kuyenera kuti tikumbukire kumene tacokera. M'caka ca 1875 Dr Robert Laws ndi anzace anakoceza ku Cape Maclear, ndipo m'caka ca 1881 anabatizidwa komweko Albert Namalambe, woyamba mwa ophunzira ao. Pambuyo pace a U.M.C.A. anakhazika misyoni kwa Mponda ndi ku Malindi. Kwa Mponda komweko analumikiza sitima ya Chauncy Maples, imene inalowa m'madzi m'caka ca 1901, niyenda ndi ansembe ndi aphunzitsi kudooko ndi dooko. Mbeu imene anafesa iwo, tiri kukolola ife. Koma mwini munda sagona tulo poona kuti cimanga caca, pakuti pamenepo mpamene anyani atsika m'phiri. Cifukwa cace tifuna kunena nanu za aphunzitsi onyenga.

Sitinena za anansi athu Asilamu, amene tikhala nao mwamtendere m'dziko lino la Mangochi, kapena za abale a mipingo yina. Tinena za iye wofika ndi dzina la Kristu pakamwa, koma nakokera anthu kwa iye mwini. Inu asodzi mudziwa kuti nsomba simeza mbedza yoonekera, imeza nyambo. Nyambo ya wonyenga ndiyo mantha athu: mantha a nthenda, a ufiti, a umphawi ndi a imfa. Mbiri ya dziko lathu itisonyeza zizindikiro zitatu za kumdziwa nazo.

Coyamba, aikira Mulungu tsiku. M'caka ca 1908 Elliot Kamwana anabwera kucokera ku South Africa ndi ciphunzitso ca Watch Tower, nalalikira pakati pa Atonga kumpoto kwa nyanja yomwe ino kuti m'caka ca 1914 maufumu a dziko lapansi adzatha, ndi msonkho udzatha nao. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu ofika ngati 10,000. Boma linamcotsa m'dziko m'caka ca 1909. Caka ca 1914 cinafika. Inadza nkhondo yaikuru, amuna ambiri anatengedwa kukasenza mtengatenga, ndipo msonkho unakhala cikhalire. Ambuye anatiuziratu pa Mateyu 24 kuti tsiku la kubweranso kwace nlobisika kwa anthu onse. Wochula caka ndi mwezi anena cimene sanatumidwe.

Caciwiri, aloza cala mbale. Tomo Nyirenda, munthu wa kumpoto kwa dziko lathu amene anaphunzirapo ku Livingstonia, anafika kwa Alala ku Northern Rhodesia, ndiko ku Zambia, m'caka ca 1925. Anadzicha Mwana Lesa, ndiko kunena Mwana wa Mulungu, nati pobatiza akhoza kuzindikira mfiti. Amene iye anawachula mfiti anamizidwa m'madzi nafa, ambiri ndithu, kumeneko ndi ku Katanga komwe. Iye anapacikidwa ndi Boma m'caka ca 1926. Taonani, madzi a ubatizo, amene ali cizindikiro ca moyo, anawasandutsa manda. Lero lomwe nkhalamba zipirikitsidwa m'midzi, zina ziphedwa, cifukwa wina wodzicha mneneri wati, imfa iyi wadzetsa ndi gogo uja. Mzimu wa Kristu uyanjanitsa banja. Mzimu wopasula mudzi ucokera kwina.

Cacitatu, aika botolo pamalo pa mtanda. M'zaka za 1933 ndi 1934 mcape unayendayenda m'dziko lino, nufika ku Northern Rhodesia ndi ku Tanganyika. Oyenda nao anati aucotsa kwa Kamwendo wa ku Mulanje, amene ankamnena kuti anafa nauka. Anandandalika anthu, nawayang'ana m'kalirole, naunjika nyanga ndi zithumwa pabwalo, namwetsa mudzi wonse mankhwala ofiira, nati kuyambira tsopano ufiti watha. Anagulitsanso timankhwala ta kudziteteza nato. Akristu ambiri a m'mbali mwa nyanja anamwa. Koma maliro sanaleke, ndipo posacedwa kukayikirana kunabwerera m'midzi monga kale. M'caka ca 1995 dzina lomwelo linamvekanso kufupi ndi kwathu kuno, ku Machinga, kumene Billy Goodson Chisupe anamwetsa anthu zikwi mazana mankhwala amene anati anawalota, ocizira Edzi. Iye sanalipiritse, ndipo ici ticinena poyera. Koma nthendayo sinacoke. Kumene njira yotere ifikitsa munthu tinakuona m'caka ca 2023 ku Kenya, m'nkhalango ya Shakahola, kumene anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu a mpingo wina wophunzitsidwa kusala cakudya kufikira imfa.

Akuru anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma tisafulumire kuseka iwo amene anatola mkuyuwo, pakuti anali ndi njala. Ambiri anathamangira Kamwana cifukwa misyoni inawadikiritsa zaka zambiri m'kalasi asanabatizidwe. Ambiri anamwa mcape cifukwa pamene anadandaula za ufiti, Mpingo unawadzudzula osamva mantha ao. Pamene mbusa afika mocedwa, wonyenga wafika kale. Mlandu umenewu ngwathu.

Tsono inu aphunzitsi, ndinu mpanda wa khola. Wansembe afika kumudzi kwanu kamodzikamodzi, koma inu mugona komweko. Tikupemphani zinthu izi. Phunzitsani anthu kuwerenga Mau a Mulungu okha, cigawo conse, osati ndime imodzi yodulidwa. Kumbukirani anthu a ku Bereya, pa Macitidwe 17, amene anayesa ndi Malembo ngakhale mau a Paulo. Mlendo akafika ndi ciphunzitso, mlandireni mwaulemu, nimumfunse amene anamtuma, ndi amene akhoza kumdzudzula akalakwa. Wokwiya ndi mafunso otere wadziulula yekha. Penyani kumene ndalama zipita, pakuti Petro anakana ndalama za Simoni wamatsenga uja. Wodwala mufike kwa iye msanga, mupemphere naye, nimumperekeze ku cipatala ca St Martin's ku Malindi kapena ca Boma. Ndipo wina akati, taya mankhwala a ARV, wacira, mumtsutse pamaso pa anthu onse. Nkhalamba ikanenezedwa ufiti, mukakhale pakhomo pace, nimuitane mfumu ndi akuru a Mpingo. Ndipo amene anasokera akabwera, musamcititse manyazi, mtsegulireni khomo.

Mwera ukauka, bwato lopulumuka ndilo lija opalasa ace akhala pamodzi, napenya gombe limodzi. Makolo athu m'cikhulupiriro anatisiyira Uthenga umodzi, wa Yesu Kristu wopacikidwa ndi wouka kwa akufa. Tiusunge wosasakaniza, kuti ana athu, podzasonkhana pa Yubile yina ife titagona, adzaupeze monga tinaulandira. Mulungu akusungeni nonse. Amen.