Kuphunzira Ntchito kwa Mmisiri

Lero tikamba za anyamata ndi atsikana amene amaphunzira ntchito ya manja poigwira pamodzi ndi mmisiri.

Inu a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere mumaudziwa msewu wa Alick Nkhata. M'mphepete mwake muli mabedi, matebulo, zitseko ndi mafelemu a mawindo, zonse zoyembekeza ogula. Inunso a ku Kanyama, Matero, Chawama ndi George mumamva kulira kwa nyundo popita ku sukulu. Mukadzadutsanso pamalo otere, yang'anani mnyamata amene wagwira thabwa pamene mkulu ali kucheka. Ameneyo ali pa sukulu, ngakhale palibe belu kapena bolodi.

Kodi sukulu yotereyi inakula bwanji? Dziko lathu likali kutchedwa Northern Rhodesia, lamulo silinalole munthu wakuda kulembedwa monga wophunzira umisiri, kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Chotero polandira ufulu mu 1964, amisiri athu a mapepala anali owerengeka. Mu 1967 katswiri wa ku Canada, dzina lake Saunders, analangiza boma kuti achinyamata aziphunzira ntchito m'masukulu a umisiri. Masukuluwo anatsegulidwa, koma malo sanakwanire onse. Pa nthawi yomweyo makomboni a mu Lusaka anali kukula. Kuyambira mu 1974 boma, mothandizidwa ndi World Bank, linalowetsa misewu ndi mipopi ya madzi ku George ndi ku Chawama, ndipo anthu anayamba kumanga nyumba za mabuloko. Nyumba iliyonse inafuna womanga, chitseko ndi denga. Ntchito inawachulukira amisiri a m'komboni, natenga achinyamata owathandiza, ndipo achinyamatawo anaphunzira.

Tiyeni tione wophunzira wa kalipentala. Masiku oyamba amasesa, kunyamula matabwa ndi kuwongola misomali yopindika. Kenaka amapatsidwa sandipepa, pambuyo pake sowo, ndipo pomalizira amaloledwa kupala thabwa ndi kulumikiza miyendo ya mpando. Ulendowu ndi wa pang'onopang'ono chifukwa thabwa lolakwika kucheka silibwerera, ndipo ndalama yogulira lina imachokera m'thumba mwa mmisiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodekha amaphunzira zimene n'zovuta kuzilemba m'buku: kusiyanitsa mukwa ndi paini pongonyamula, ndi kudziwa kuti thabwa laliwisi likauma limapindika, chitseko n'kukana kutsekeka.

Tsopano mvetserani bwino. Pali chinthu china chimene mmisiri alibe nthawi yokuphunzitsani, ndicho masamu. Pa tepi yoyezera kawirikawiri pamakhala mainchesi mbali imodzi ndi mamilimita mbali ina. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo wosokoneza ziwirizi amawononga thabwa. Wowotcherera zitsulo akamapanga felemu ya chitseko, amayeza mopingasa kuchokera pa ngodya ya pamwamba kumanzere kufika pa ngodya ya pansi kumanja, nayezanso mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikafanana, felemu ili bwino. Womanga nyumba naye, pofuna kuti ngodya ya maziko ikhale yoongoka, amayeza mamita 3 mbali imodzi ndi mamita 4 mbali ina, ndipo pakati pa nsonga ziwirizo payenera kukhala mamita 5. Pomaliza pali mtengo wa katundu. Amene sangathe kuphatikiza mtengo wa matabwa, guluu, misomali ndi masiku amene wagwira ntchito, adzagulitsa tebulo n'kugona ndi njala. Masamu onsewa ali m'kalasi mwanumo lero. Kuyambira mu Januwale 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka ku sekondale, choncho musafulumire kutaya pensulo chifukwa cha nyundo.

Tikambenso zovuta zake, pakuti zilipo. Achinyamata ena amakhala zaka zambiri kwa mmisiri ali kungotumidwa malasha ndi madzi, osakhudzako chida. Amachoka atakula, koma m'manja mulibe luso. Nchifukwa chake makolo kapena amalume ayenera kukhala pansi ndi mmisiri mwana asanayambe, ndi kufunsa mafunso atatu. Adzaphunzira chiyani? Kwa nthawi yaitali bwanji? Nanga chakudya cha masana ndi kandalama ka sopo zidzachokera kwa yani? Mayankho alembedwe pa pepala, pakhalenso mboni. Posankha mmisiri, musakopeke ndi kuwala kwa vanishi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gwedezani mpando umene wapanga, muone ngati miyendo yake ili yolimba. Onaninso ngati ophunzira ake owotcherera amavala chotchinga kumaso, chifukwa kuwala kwa moto umenewo kumapweteka maso, ndipo ululu wake umayamba patapita maola angapo, munthu atabwerera kale kunyumba.

Wophunzira akadziwa ntchito, pamatsala chinthu chimodzi. M'komboni anthu amamudziwa chifukwa cha zimene wapanga, koma kampani ya kutali imafuna pepala. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, limayang'anira mayeso a umisiri otchedwa trade test. Mayesowa ali ndi magawo atatu: woyamba kumene amalemba gawo 3, ndipo lapamwamba ndi gawo 1. Ngakhale amene anaphunzirira pansi pa mtengo angathe kuyesedwa, chifukwa oyesa amafuna kuona zimene manja ake angathe kuchita. Mmisiri wabwino amalimbikitsa wophunzira wake kukayesedwa, ndipo sachita nsanje akapambana.

Aphunzitsi, nayi ntchito ya sabata ino. Tengani chingwe ndi rula, ana ayeze chitseko cha kalasi mopingasa mbali zonse ziwiri, anene ngati amene anachipanga anayeza bwino. Kenaka atuluke pabwalo, akajambule pansi ngodya ya masentimita 30 ndi 40, aone ngati pakati pake pali 50. Ngati n'kotheka, itanani kalipentala, womanga kapena mayi wosoka zovala wa m'komboni mwanu, adzafotokozere ana mmene anaphunzirira ntchito yake ndi zaka zimene anatha asanayambe yakeyake. Ana akonzeretu mafunso awo, ndipo akalembe mayankho m'mabuku mwawo.